Kukondera kwa Nyumba Zoulutsa Nkhani m'Malawi

Kukondera kwa nyumba zoulutsa nkhani ndi mchitidwe wokometsa mbali imodzi ya ndale ndi kubisa kapena kunyoza mbali ina. M'Malawi mchitidwewu unakula m'nthawi ya chipani chimodzi. Nyuzipepala ya Malawi News, yomwe Aleke Banda wa ku Tukombo m'boma la Nkhata Bay anayambitsa mu 1959, inali liwu la chipani cha Malawi Congress Party, ndipo wailesi ya MBC inkalankhula zokomera boma zokhazokha. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesiyi, zomwe zinakhumudwitsa kwambiri anthu a kumpoto. Ambiri anazolowera kufunafuna zoona pa wailesi ya BBC ndi m'manong'onong'o.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, banja la Aleke Banda linatsegula nyuzipepala ya The Nation mu 1993, ndipo patsogolo pake MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chitonga. Komabe boma lililonse lolowa lapitiriza kugwiritsa ntchito MBC ngati chida chake. Pa zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu ambiri anaphedwa ku Mzuzu, bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA linaletsa mawailesi omwe si aboma kuulutsa zochitikazo pompopompo.

Kuipa kwa kukonderaku n'kwakuti anthu akasiya kukhulupirira wailesi, amakhulupirira mphekesera. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja monga Sanga, Kande ndi Chintheche, kumene nyuzipepala sizifika kawirikawiri, mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook amayenda popanda wowatsimikiza. Pa nyengo ya chisankho, mauthenga otere amakoleza chidani cha zigawo ndi mitundu.