Mafashoni Abwerera, Nanga Masitolo Aja Ali Kuti?

Anzanga ophunzira akale, mkonzi wa kalata yathu ino atandipempha kuti ndilembeko mbiri ya zomwe tinaziona tikukula, ndinasowa poyambira. Amene anandipatsa mutu ndi mwana wanga wamkazi. Loweruka lina anabwera kuchokera kumsika atavala thalauzi lotambalala kumiyendo, lija tinkati belobotomu, ndi nsapato za gogoda, zonse zapakaunjika. Agogo ake, mayi anga, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi nati, "Mwana iwe, m'masiku athu ukanagona kupolisi." Iye anaseka poyesa nthabwala. Sinali nthabwala ayi, ndipo ife amene tinaona nyengo zonse ziwiri tiyenera kulongosola.

M'chaka cha 1973, pansi pa ulamuliro wa Dr H. Kamuzu Banda, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act. Lamuloli linaletsa amayi kuvala thalauzi pagulu, ndiponso siketi kapena deresi losaphimba mawondo. Abambo nawo sanasiyidwe: belobotomu analetsedwa, ndipo kusunga tsitsi lalitali unali mlandu. Ngakhale alendo ochokera kunja ankakumana nazo pabwalo la ndege, pomwe mayi ankauzidwa kumanga chitenje ndipo bambo ankametedwa. Tsono ife obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 tinapeza dziko limene boma linkadziwa utali wa siketi ya munthu aliyense.

Komabe mwana sadziwa lamulo, amadziwa Khrisimasi. Kwathu ku Chiradzulu zovala zatsopano zinkabwera kamodzi pachaka. M'zaka za m'ma 1970 boma linali litalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, choncho wofuna nsalu yabwino ankayenera kukwera basi ya UTM kupita ku Limbe. Mayi ankamanga ndalama pansonga ya chitenje, ine ndili pambuyo nditagwira dzanja lawo.

Sindidzaiwala fungo la nsalu yatsopano m'masitolo a ku Limbe. Mipukutu inkasanjidwa mpaka kudenga: tetroni, khaki wa yunifolomu, zitenje zamaluwa. Wogulitsa ankatambasula nsalu pakauntala, kuyeza ndi ndodo, kudula pang'ono ndi lumo, kenako kung'amba kuti kwee! Mayi ankanenerera mtengo mpaka mwini sitolo kugwira mutu, ndipo pamapeto ankatiponyera mabatani kapena ulusi wa basera. Ku Kandodo ndi ku PTC tinkangodyetsa maso, poti kumeneko mtengo unali wolembalemba, wosanenerera. Ulendo unkathera ku Bata. Kumeneko mayi ankasankha nsapato yakuda yokulirapo kuti ndikule nayo, ndipo chaka choyamba ndinkaika pepala kutsogolo kwa zala.

Chinthu chimene sindinkachidziwa pa nthawiyo n'chakuti zambiri mwa nsaluzo sizinkachokera kutali. Fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inkagula thonje la alimi athu, monga a ku Chikwawa ndi ku Balaka, n'kupota ulusi, kuomba nsalu ndi kusindikiza maluwa ake. Nsaluyo ikatuluka m'sitolo inkagwera m'manja mwa telala wapakhonde, mwini makina a Singer opalasa ndi mapazi. Iyeyo ndiye anali magazini yathu ya mafashoni. Ankakuyeza, kulemba m'kope, ndi kulonjeza Lachisanu, ngakhale tonse tinkadziwa kuti Lachisanu la telala limagwa Lachiwiri. Deresi limodzi la Khrisimasi linkadyetsa mlimi, wantchito wa m'fakitale, mwini sitolo ndi telala.

Zinthu zinatembenuka tili pafupi kulowa sekondale. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo posakhalitsa lamulo la kavalidwe linachotsedwa. Amene tinayamba Fomu 1 m'zaka zimenezo mukukumbukira mathalauzi oyamba amene tinkabisa pansi pa sutikesi, kudikira tsiku lotsekera sukulu. Langa ndinalivala kasanu kugonero ndisanalimbe mtima kutuluka nalo pamsewu.

Ufulu wa kavalidwe unafika limodzi ndi ufulu wa malonda. M'chaka cha 1994 boma linasiya kuikira kwacha mtengo, ndipo ndalama yathu inagwa kwambiri. Nsalu yatsopano inakwera mtengo pomwe mabelo a kaunjika ankasefukira m'misika. Tisaname, kaunjika anaveka anthu amene ankayenda ndi zigamba, ndipo ambiri a ife tinamaliza sukulu ndi koleji titavala iyeyo. Koma mtengo wake wina unalipiridwa kwina. Matelala anasanduka ochepetsa ndi kusoka zong'ambika. Fakitale ya Whitehead inafooka mpaka inagulitsidwa m'chaka cha 2003, n'kutenga dzina la Mapeto. Dzina la Kandodo ana athu salidziwa n'komwe.

Lamulo lingathe kufa m'buku koma n'kukhalabe m'mitu ya anthu. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi amene anavala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Amayi anachita msonkhano wotsutsa mchitidwewu ku Blantyre, ambiri atavala dala mathalauzi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mawu akuti "kale zinthu zinali bwino" ngofunika kuwatafuna tisanameze. Timasowa fungo la nsalu ndi dzanja la mayi, osati wapolisi woyeza siketi.

Lero zakale zija zabweranso. Achinyamata akusunga tsitsi la afulo, akuvala belobotomu ndi gogoda, ndipo chitenje chimene tinkachiona ngati cha kumudzi ndi kumaliro chikusokedwa majekete, zikwama ndi madiresi a ukwati. M'chaka cha 2016, pokhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, boma linalimbikitsa ife ogwira ntchito m'boma kuvala zosokedwa konkuno tsiku Lachisanu, ndipo matelala anapezako mpumulo. Koma tsiku lina ndinawerenga zolemba za m'mphepete mwa nsalu ya deresi langa la Lachisanu, n'kupeza kuti inasindikizidwa kunja. Chachimalawi pa deresilo chinali msoko wokha. Fashoni yabwerera, koma unyolo uja wochokera kumunda wa thonje kufika pakhonde la telala sunalumikizikenso.

Tsono pempho langa kwa inu nali. Pamsonkhano wathu wapachaka ukubwerawu, aliyense abweretse chithunzi chimodzi cha masiku a sukulu, kuti tiseke pamodzi ndi kuonetsa ana athu kumene mafashoni awo anachokera. Ndipo amene angathe asoketse chovala cha tsikulo kwa telala wa kwawo, atayamba wafunsa m'sitolo ngati ili ndi nsalu yoombedwa m'Malawi muno. Mwana wanga uja wavomera kundiperekeza ku Limbe. Agogo ake akuti nawonso apita, chifukwa sakhulupirira kuti ife timadziwa kunenerera mtengo.