Khunyu ndi kulumikizana kwa zigawo za ubongo

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni amene amatumizirana mauthenga kudzera m'mphamvu yamagetsi. Mwa munthu wathanzi, mauthengawa amayenda mwadongosolo pakati pa zigawo za ubongo. Mwa wodwala khunyu, maselo ambiri amatulutsa mphamvuyi mopyola muyeso panthawi imodzi, ndipo chisokonezocho chikhoza kuyambira pamalo amodzi n'kufalikira kwina motsata njira zolumikiziranazo.

Makina a EEG ndi fMRI asonyeza kuti kulumikizanaku kumakhala kosinthika ngakhale pamasiku amene wodwala sanagwe, zimene zimathandiza kufotokoza vuto la kuiwalaiwala mwa odwala ena.

Bungwe la World Health Organization likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo mpaka 70 mwa 100 alionse angaleke kugwa atalandira chithandizo choyenera. Matendawa sapatsirana.