Za Mishoni ya Nambuma, Monga Anandiuzira Bambo Anga

Mwayatsa makina anuwo, adzukulu? Chabwino. Ine ndinabadwa mishoni ilipo kale, ndiye zoyambirirazi ndikupatsani monga anandipatsira bambo anga.

Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ku Nambuma mu 1928, nthawi ya Episkopi Guillemé, ku Likuni ndi ku Kachebere atakhalako kale zaka zoposa 20. Bambo ankati poyamba anthu ankangowasuzumira chapatali, azungu andevu, mikanjo yoyera, korona m'khosi. Koma amene anapondaponda midzi ndi aphunzitsi athu omwe. M'mawa ana akulemba a, e, i padothi ndi chala, madzulo munthu yemweyo akuphunzitsa katekisimu.

Ubatizo sunali wongotola ayi. Zaka zinayi uli m'kalasi. Mayi anga anayamba ali ndi pakati pa achimwene anga, pobatizidwa n'kuti mwanayo akupirikitsa nkhuku pabwalo.

Mlandu waukulu unali gule. Kuno n'kwa Achewa, mwamuna wosameta ankamuyesa mwana. Ansembe ankati wopita kudambwe asayandikire Ukaristia, eni mzinda nawo ankati sukulu ikuwabera anyamata. Bambo anali ometa asanabatizidwe. Kudambwe sanabwerereko, koma ng'oma ikalira usiku ndinkawamva akutembenukatembenuka pamphasa, tulo osabwera. Sanandiuzepo kanthu, inenso sindinawafunse.

Misa ya ubwana wathu inali ya Chilatini, wansembe atatifulatira, ife kumangoyankha zosamva. Chichewa chinalowa pambuyo pake, ng'oma nayo n'kulowa m'tchalitchi momwemo. Bambo anangoseka n'kupukusa mutu.

Ine ndimati mpingo unakhala wathu pa nthawi ya Episkopi Kalilombe, amene anatenga mpando ku Lilongwe mu 1972. Ndiwo anatilimbikitsa za Miphakati. Kale zonse tinkadikira wansembe abwere pa njinga yamoto. Tsopano wodwala tinkamuyendera tokha, mtulo kutolera tokha, pamaliro amayi a Mphakati kufika m'mamawa ndi nkhuni ndi ufa, osafunsa ngati malemuwo anali a Katolika. Choncho mmene kalata ya maepiskopi yodzudzula boma inawerengedwa pa 8 Malichi 1992, tinaimva ngati yathu, ngakhale potuluka aliyense ankayang'ana kumbuyo.

Lachinayi lino Mphakati ukumana pakhomo pano. Mubwere ndi mipando yanu, yanga ilipo itatu basi.