Amene anayankhulira nsomba za m'nyanja ya Malawi

Pangano la mayiko likamasainidwa, amene amagwira cholembera ndi nduna ndi atsogoleri, koma mfundo zambiri za m'panganolo zimakhala zitayenda kale m'makalata a akatswiri a sayansi. Akatswiriwa alibe voti ku United Nations ndipo alibe ndalama zobwereketsa boma lililonse. Njira yawo ndi yosonkhana, kugwirizana pa zimene apeza, ndi kusaina chikalata chimodzi pa nthawi imene andale atsala pang'ono kugamula nkhani. Bungwe la Royal Society la ku London lakhala likulangiza olamulira kuyambira pamene linakhazikitsidwa mu 1660. Mu 1993 mabungwe otere 58 anasaina mfundo imodzi ku New Delhi yokhudza kuchuluka kwa anthu, pokonzekera msonkhano wa ku Cairo wa 1994, ndipo mu 2005 mabungwe 11 anachitanso chimodzimodzi pa nkhani ya kusintha kwa nyengo atsogoleri a G8 asanakumane ku Gleneagles. Kuno kwathu, malo abwino oonera mphamvu ndi malire a njira imeneyi ndi Monkey Bay, kapena kuti Lusumbwe, kumene kuli likulu la kafukufuku wa nsomba. Mbiri ya kumeneko ikuonetsa kuti mawu a asayansi akhala akumveka msanga m'maofesi a ku Paris ndi ku Washington kusiyana ndi pa doko pamene asodzi amakokera makoka, ndipo nsomba zimene zinadalira kuti pa doko amve ndi zimene zatsala pang'ono kutha.

Chiyambi chake chinali m'manja mwa atsamunda. Mu 1939 Ethelwynn Trewavas wa ku British Museum anabwera ndi anzake awiri, Bertram ndi Borley, kudzafufuza za nsomba ndi usodzi, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Nkhondo itatha, Rosemary Lowe anakhala pa nyanjayi kuyambira 1945 mpaka 1947 akuphunzira moyo wa chambo: kumene chimaswana, nyengo yake, ndi momwe chachikazi chimasungira mazira ndi ana m'kamwa. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu, chifukwa khoka likagwira chambo chimodzi chofungatira limakhala lapha ndi mbumba yonse, ndipo nzeru yotseka nyanja m'miyezi ya Novembala ndi Disembala yatsamira pamenepo. M'zaka za m'ma 1950 kafukufuku anali ku Nkhata Bay, kumene kunagwira ntchito Geoffrey Fryer ndi anzake, kenaka anasamukira ku Monkey Bay, kufupi ndi madzi osaya a kummwera kumene usodzi waukulu umachitikira. M'nyengo yonseyi wolangizidwa anali mmodzi, boma la atsamunda, ndipo msodzi ankangomva lamulo litapsa kale.

Chipambano chachikulu cha akatswiriwa chinabwera m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndi choyenera kuchifotokoza bwino chifukwa anthu ambiri sachidziwa. Kunabuka ganizo loti m'nyanja ya Malawi aikemo kapenta wochokera ku nyanja ya Tanganyika. Ganizoli linali ndi mutu: kansombaka anali atakaika kale ku Kivu, ndiponso ku Kariba cha m'ma 1967, kumene kanabala usodzi wa phindu. Olimbikitsa ankaloza nkhungu, tizilombo timene timafuka pa nyanja ngati utsi, n'kumati chakudya chonsecho chikungouluka popanda nsomba yokwanira yochidya. David Eccles, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Monkey Bay, analemba mu 1985 kutsutsa ganizoli, ndipo m'chaka chomwecho akatswiri angapo a m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Trewavas, Rosemary Lowe uja (amene pa nthawiyi ankadziwika kuti Lowe-McConnell), Fryer ndi Tony Ribbink, anasaina nkhani imodzi m'magazini ya Nature yochenjeza za kuika nsomba zachilendo m'nyanja za mu Africa. Anali ndi umboni wowawa. Fryer anali atachenjeza kale mu 1960 kuti nsomba yolusa ya Nile perch isaikidwe m'nyanja ya Victoria, sanamveredwe, ndipo pofika 1985 mitundu yambiri ya nsomba za kumeneko inali ikuzimirira. Kuno chenjezo linamveka, kapenta sanaikidwe. Pambuyo pake kafukufuku wa Britain ndi SADC amene anachitikira ku Senga Bay kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti mphutsi za nkhungu zimadyedwa ndithu ndi nsomba za pakati pa nyanja, kutanthauza kuti chakudya chimene ankati chikuwonongeka chinali ndi eni ake.

M'nyengo yomweyo kafukufuku wa mbuna, tinsomba tamawanga tokhala m'miyala, anathandiza kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Pangano la ku Rio la 1992 loteteza zamoyo litasainidwa, ndalama za Global Environment Facility zinabwera kudzera ku World Bank kudzalipirira ntchito yofufuza zamoyo za m'nyanjayi, yogwirizanitsa Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Kaundula wa UNESCO uja ndi amene anapatsa anthu akunja poimira pamene boma linapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja ku kampani ya Surestream mu 2011, moti mu 2014 UNESCO ndi IUCN anatumiza nthumwi kudzaona okha.

Nkhani ya chambo inayenda mosiyana, ngakhale umboni wake sunali wochepa. Usodzi wa matrola unayamba kummwera kwa nyanja mu 1968, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono anachuluka, makamaka ku nyanja ya Malombe kumene makoka a nkacha ndi a kambuzi ankakolola ndi kasawala yemwe, chambo chisanakule n'kuswa. Ntchito ya FAO yofufuza za chambo, imene inachitika kuyambira 1988 mpaka 1992, inafotokoza zonsezi momveka. Ku Malombe chambo chogwidwa pa chaka chinatsika kuchoka pa matani opitirira 8,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kufika pa matani osakwana 1,000 patangopita zaka khumi. Makomiti a m'madoko anayamba mu 1993, lamulo latsopano la usodzi linadutsa mu 1997, komabe mu 2018 IUCN italemba za mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, inaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kwambiri kutheratu. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi n'koonekeratu. Kuletsa kapenta kunkafuna kuti anthu ochepa a m'boma ndi a mabungwe othandiza akane kusaina, ndipo palibe banja limene linagona ndi njala chifukwa cha kukanako. Kupulumutsa chambo kunkafuna kuti mwini khoka, alovi ake ndi mayi woyanika nsomba pa thandala asiye ndalama ya lero, pamene chikalata chosainidwa ku London sichinena chimene adye mawa.

Pali anthu amene amati asayansi asamalowerere za ndale, azingofufuza n'kusiya osankhidwa agamule. Nyanja ya Victoria ikuyankha mfundo imeneyi: nsomba yachilendo ikalowa m'nyanja, palibe boma kapena chisankho chimene chingaitulutsemo, choncho wodziwa amene wakhala chete pa nthawi yotero wathandiza kugamula. Dandaulo lolemera kwambiri ndi la anthu a ku Chembe, Msaka ndi midzi ina ya m'kati mwa paki, amene analetsedwa kusodza m'mamita 100 kuchokera m'mbali mwa malo otetezedwa, n'kumaona ngati alendo amakonda mbuna kuposa anthu. Maganizo amenewa anaonekeranso pa mkangano wa thanki ya madzi pa phiri la Nkhudzi, pamene nkhawa za UNESCO zinakumana ndi ludzu la anthu a ku Mangochi. Dandauloli lili ndi choonadi, ndipo silithetsedwa pouza anthu kuti sayansi yalankhula. Ngakhale asayansi enieniwo samvana nthawi zonse: ku New Delhi mu 1993, African Academy of Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 1985 motsogozedwa ndi Thomas Odhiambo wa ku Kenya, inakana kusaina mfundo ya anzake ija n'kutulutsa yake, ponena kuti ku Africa anthu ndi chuma chofunika pa chitukuko. Kukana kumeneko kukuonetsa kuti amene walemba chikalata amasankhanso funso, ndipo funso la msodzi wa ku Malombe silinali pa tebulo.

N'chifukwa chake ndikuona kuti ntchito yotsala ili kuno, m'manja mwa akatswiri a ku Monkey Bay, a ku LUANAR, a ku Mzuzu University ndi a ku University of Malawi, amene akhoza kuyankhula ku Paris m'Chingerezi ndi pa doko m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo mawu awo akhoza kulemera akamatuluka ngati a bungwe limodzi losadalira ndalama za pulojekiti imene itha pakapita zaka zisanu. Ali ndi poyambira. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, asodzi n'kumamvera, ndipo lero ofufuza amapita kumeneko kukaphunzira chifukwa chake lamulo la mfumu lagwira ntchito pamene la m'buku lakhala likuvuta. Nyanjayi ili m'mayiko atatu, ndipo mkangano wa malire ndi Tanzania, umene unabukanso mu 2012, wachedwetsa mgwirizano wa maboma pa kasamalidwe kake. Asayansi a mayiko atatuwa anagwirapo kale ntchito limodzi ku Senga Bay, ndipo akhoza kugwirizana pa chiwerengero cha usipa ndi ndunduma ngakhale nduna zawo zisanagwirizane pa mapu.