Nambala ya galimoto idachokera kuti, ndipo imateteza ndani?

Lero tikambeko za kachitsulo kaja ena mwayamba kukapinda, kukapaka matope kapena kukachotseratu panjinga yamoto.

Galimoto zoyambirira zinalibe nambala. Ikagunda munthu n'kuthawa, nkhani inkathera pomwepo. Ndiye mu 1893 apolisi a mumzinda wa Paris ku France adalamula kuti galimoto iliyonse ikhale ndi chitsulo cholembedwa dzina la mwini wake, komwe amakhala ndi nambala, ndipo chizioneka bwino. Ku New York lamulo lidabwera mu 1901, koma munthu ankadzipangira yekha chikwangwani cha zilembo zoyamba za mayina ake. Mu 1903 boma la Massachusetts lidayamba kupereka lokha manambala.

Kuno kwathu dongosololi lidabwera ndi atsamunda, ndipo fungo lawo likadalipo. Mukaona KA mukudziwa kuti ndi Karonga, RU ndi Rumphi, CP ndi Chitipa, NB ndi Nkhata Bay. Nanga KK? Ndi Nkhotakota, chifukwa azungu ankalemba kuti Kota Kota. MG ndi galimoto ya boma. Mtundu nawo umayankhula: zilembo zakuda pachikasu ndi galimoto ya munthu payekha, zofiira pachoyera ndi yamalonda monga minibasi. Zija zimadutsa pa M1 zolembedwa IT zachokera kudoko la Dar es Salaam, zalowera pa Songwe, ndipo zimayenera kulipira msonkho ku MRA n'kulembetsedwa zisanayambe matola.

Lamulo lomwe tikuyendera pano ndi Road Traffic Act ya 1997. Limafuna kuti galimoto ndi njinga yamoto zilembetsedwe, zikhale ndi inshuwalansi, ndipo nambala ioneke. Kuibisa kapena kuika yabodza ndi mlandu. Olembetsa ndi a Road Traffic, ndipo zonse amasunga mukompyuta ya MalTIS: mwini wake, nambala ya injini, nambala ya chasisi.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Ambiri timaganiza kuti nambala ndi ya atrafiki, yoti azitigwirira pa rodibuloko. Ayi aise. Kuyambira ku Paris komweko, nambala ndi ya munthu woyenda pansi. Mayi wasenza beseni la usipa m'mbali mwa M1, galimoto yamuomba n'kupitirira. Chimene mboni ingagwire m'maso ndi zilembo ziwiri ndi manambala ochepa basi. Zikakhala zopakidwa matope, apolisi ayambira pati? Inshuwalansi ilipira ndani? Mabala ndi ake, ngongole ya mankhwala ndi ya abale ake.

Komanso inu a kabaza, njinga yopanda nambala ikabedwa n'kuwoloka Songwe, mudzaonetsa chiyani kuti ndi yanu? Ife a mainjini a maboti timadziwa: injini yofufutidwa nambala, makaniko wanzeru saigwira, chifukwa wofufuta nambala ali ndi chimene akubisa.

Zoona, ndalama yolembetsera imawawa, ndipo ofesi ili kutali. Zimenezo tidandaule poyera, kwa khansala ndi kwa phungu wathu. Koma kupinda nambala sikulanga boma. Kumalanga mnansi wako, ndipo mawa wogundidwayo akhoza kukhala mayi ako.

Tumizani kwa aliyense wa njinga yamoto amene mukumudziwa.