Mpikisano wa nkhunda: momwe masewera a amphawi adalandidwira

Amwene a ku Senga Bay, Lifuwu, Chipoka, Chikombe, ndi inu muli ku Joni, lero tisiye kaye za mpira ndi mtengo wa petulo, tikambe za nkhunda. Ndi yaitali, pezani pokhala.

Mu Novembala 2020 nkhunda yaikazi ya ku Belgium, dzina lake New Kim, idagulidwa pa mtengo wa 1.6 miliyoni euro. M'ndalama zathu ndi zoposa K1 biliyoni. Nkhunda imodzi, aise! Wogula adali wa ku China. Chaka cha 2019 ina, yamphongo, dzina lake Armando, idapita pa 1.25 miliyoni euro. Ukamva zimenezi ungati masewera othamangitsa nkhunda ali pachimake. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhondo yachiwiri itangotha, bungwe la oweta nkhunda za mpikisano ku Belgium lidali ndi anthu oposa 250,000. Pomwe New Kim ankagulitsidwa adali atatsala pafupifupi 18,000, ambiri a iwo madala a imvi. Mtengo wa mbalame ukukwera, eni masewera akutha. Zidayenda bwanji?

Tiyambe ndi mbalameyo. Nkhunda ikakhazikika pa khola, ngakhale uitengere kutali imabwerera. Imayang'ana dzuwa, imamva mphamvu ya maginito ya dziko, imagwiritsanso ntchito fungo. Akatswiri a pa yunivesite ya Oxford adapeza kuti m'dera lomwe yalizolowera imatsata ngakhale misewu, n'kumakhota pomwe msewu wakhota. Tikati ndi zodabwitsa, kumbukirani kuti madala athu amabwera kuchokera pakati pa nyanja usiku, opanda GPS, akungowerenga nyenyezi, mphepo ndi mapiri.

Anthu adayamba kalekale kuituma mbalameyi. Mu 1850 Paul Julius Reuter, yemwe adayambitsa kampani ya nkhani ya Reuters, ankatumiza mitengo ya pamsika pakati pa Brussels ndi Aachen pogwiritsa ntchito nkhunda, chifukwa waya wa telegalafu udali usadalumikizane pamenepo ndipo nkhunda inkafika sitima isadafike. Mu 1870 mzinda wa Paris utazingidwa ndi asilikali a Prussia, makalata ankalowa mumzinda pa nkhunda.

Ya ife ana a asodzi nayi. Mu Febuluwale 1942, pa nkhondo yomweyo yomwe agogo athu a KAR adakamenya, ndege ya asilikali a Britain idagwera m'nyanja ya North Sea. Anthu anayi adatsala akuyandama pa kabwato ka mphira m'madzi ozizira koopsa. Nkhunda yomwe adanyamula, dzina lake Winkie, idauluka mtunda woposa makilomita 190, n'kufika kwawo ku Scotland itathodwa, nthenga zili mafuta okhaokha. Idalibe kalata kumwendo. Akuluakulu adangowerengera nthawi, mphepo ndi kutopa kwake, n'kudziwa koti akafunefune. Onse anayi adapulumuka. Winkie adalandira mendulo ya Dickin mu 1943, ndipo nkhunda zonse zomwe zidalandira menduloyi ndi 32. Amene mudakumanapo ndi mwera injini itazima mukumvetsa.

Tsono mpikisano weniweni udabadwira ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, makamaka ku Liège ndi Antwerp. Oweta ankakweretsa mitundu yosiyanasiyana ya nkhunda zakwawo, n'kumasunga zokhazo zobwera msanga, mpaka padatuluka mtundu wothamanga womwe uli pa dziko lonse lero. Kachitidwe kake n'kosavuta. Aliyense amabweretsa mbalame zake ku kalabu, amaziveka kamphete ka mphira kumwendo, amaziika m'madengu, n'kupita nazo kutali. Kumeneko amazitsegulira nthawi imodzi. Iliyonse imalunjika khola la mbuyake. Ikafika, mwini amavula kamphete kaja n'kukaponya mu wotchi yomata yomwe imadinda nthawi. Poti makola ali m'malo osiyana, amagawa mtunda ndi nthawi, yaliwiro kwambiri ndiye yawina. Nkhunda yabwino imatha makilomita 70 kapena 80 pa ola, mphepo ikaikankha imaposa 100. Mpikisano wotchuka wa ku Barcelona, mbalame za ku Belgium zimauluka makilomita oposa 1,000.

Sitima zapamtunda zitabwera, kunyamula madengu kudatchipa, masewera n'kufalikira. Mafumu nawo adalowamo: mu 1886 mfumu Leopold II ya Belgium idapereka nkhunda ku banja lachifumu la Britain, khola n'kumangidwa ku Sandringham. Koma eni ake enieni adali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale. Ku Britain ankaitcha hatchi ya mpikisano ya munthu wosauka. Taganizani, munthu wakhala sabata yonse pansi pa nthaka, mumdima, bwana akumukalipira. Loweruka ali kuseli kwa nyumba, maso kumwamba, kudikira mbalame yomwe adaiona ikuswa dzira. Pamenepo bwana ndi iyeyo. Mwana ali pambali atanyamula chitini cha chimanga, akuphunzira osadziwa kuti akuphunzira.

Kugwa kudayambira pomwepo. Migodi idayamba kutsekedwa. Ku Belgium womaliza wa malasha, wa Zolder, udatsekedwa mu 1992. Ku Britain migodi yambiri idatsekedwa sitalaka yaikulu ya 1984 ndi 1985 itatha, ndipo womaliza wakuya, Kellingley, udatseka mu 2015. Anthu adabalalika kusaka ntchito. Ana adakakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda bwalo lomangapo khola. Kudabwera TV, magalimoto, kenako foni. Nkhunda ilibe holide, imafuna chakudya, madzi ndi kusesa tsiku lililonse, ndiye wachinyamata wa m'tauni adati ayi, zikomo. M'ma 1980 matenda apachibale ndi chitopa cha nkhuku adasesa makola ku Ulaya, katemera n'kukhala wokakamiza, ndalama zina zimenezo.

Kenako kudalowa ndalama zikuluzikulu. Olemera a ku China ndi Taiwan, komwe anthu amabetcha zoopsa pa nkhunda, adayamba kugula mbewu yabwino ya ku Belgium pa intaneti. Wotchi yakale idalowedwa m'malo ndi mphete ya kompyuta yomwe imadzilemba yokha mbalame ikaponda pakhomo. Dala wa nkhunda 20 angalimbane bwanji ndi munthu wa nkhunda mazanamazana, antchito ndi dokotala wake? Pomwe pali ndalama akuba safuna kuitanidwa: makola adayamba kuthyoledwa usiku, ena n'kumamwetsa mbalame mankhwala oletsedwa. Izi ife sitikuzimva koyamba. Tikudziwa zomwe zimachitika mwini bwato lopalasa akamapikisana ndi matrola pa nsomba zomwezo.

Inu a ku Joni, nkhaniyi idakupezani konko. Kuyambira 1996 ku Sun City kunkachitika mpikisano wotchedwa Million Dollar Pigeon Race. Oweta a m'maiko ambiri ankatumiza maunda awo ku khola limodzi, onse n'kudya chimodzimodzi, kuphunzitsidwa limodzi, pomaliza n'kuuluka makilomita oposa 500. Njira ya khola limodziyi ndiyo ikukula masiku ano, chifukwa mwini safunika bwalo kapena nthawi, amangolipira n'kumaonera pa foni. Ubwino wake ulipo, mbalame zonse zimayamba mofanana. Koma mwana uja wa chitini cha chimanga mulibemo.

Tibwere kwathu. Khola la nkhunda la pamitengo, lofolera udzu, tonse tidakula tikuliona. Mlendo akabwera mwadzidzidzi, maunda awiri ankapulumutsa mayi. Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano, ndiye khola lodzaza lidali ulemu wa banja. Lero yang'anani m'mudzi mwanu, muwerenge anyamata omwe angamange khola lotere popanda kufunsa. Ambiri tikudziwa matimu onse a ku England oti tibetchere, koma kuti nkhunda imaikira mazira awiri, n'kufungatira masiku 18, yaimuna ndi yaikazi mosinthana, tikuchita kumva lero.

Phunziro la Belgium ndi lakuti masewerawa amakhala ndi moyo pomwe pali anthu oyandikana, odziwana, ndi ana oonerera. Zimenezo ife tili nazo, Azungu ndi zomwe adataya. Chakudya chili pakhomo: chimanga, mapira, nandolo, mpendadzuwa, mpunga wosweka wa ku Lifuwu. Zoona, nkhunda zathu ndi za ndiwo, sizidasankhidwe kuti zizithamanga, ndipo zina zidzasochera, zina kabawi adzadya. Koma a ku Liège nawo adayamba ndi nkhunda za kwawo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Maunda akayamba kuuluka, atengereni kilomita imodzi, kenako 5, kenako 10. Za ku Senga Bay zikatulukire pa Salima boma. Zobwera msanga musadye, zikhale mbewu. Pakapita zaka tidzayesa Nkhotakota kapena Lilongwe. Wotchi yodula siyofunika: wotsegulira ajambule vidiyo n'kutchula liwu lachinsinsi pagulu, mwini mbalame ikafika aijambule akutchula liwu lomwelo. Tsiku la mwera osatulutsa mbalame.

Ndipo malamulo tiyikiretu ndalama zisadalowe. Munthu aliyense mbalame zowerengeka zofanana, mphotho ikhale thumba la chimanga, khola lililonse likhale ndi mwana wolembedwa dzina ngati wothandiza. Musati Amalawi sitisunga malamulo. Ku chilumba cha Mbenji, konkuno ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950, ndipo utaka ulipobe mpaka lero.

Amene muli ndi khola, kapena bambo anu ali nalo, yankhani pagulu pano, mutchule mudzi ndi kuchuluka kwa nkhunda. Tikakwana khumi tikumane padoko Lamulungu masana. Tumizaniko kwa anzathu ena.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi, Senga Bay