Mchape wa 1995: Chikhulupiriro m'Nyengo ya Maliro

M'miyezi yoyambirira ya chaka cha 1995, misewu yolowera ku Liwonde inadzaza ndi anthu ochokera m'zigawo zonse za dziko la Malawi. Onsewo ankalunjika kumudzi kwa Billy Goodson Chisupe m'boma la Machinga. Mkuluyu ankanena kuti anaonetsedwa kumaloto mtengo umene khungwa lake limachiza Edzi, ndipo madzi ake ankamwetsa aliyense popanda malipiro.

Kuti timvetse khamu limeneli, tiyenera kukumbukira nyengo yake. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anadziwika mu 1985, koma mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda nkhani ya matendawa sinkakambidwa momasuka. Pamene Bakili Muluzi anapambana chisankho cha 1994, pakamwa pa anthu panatseguka, koma maliro anali atachuluka kale. M'zipatala za boma munalibe mankhwala otalikitsa moyo. Ntchito yowagawa mwaulere m'dziko lonse inayamba mu 2004.

Dzina limene madziwo anapatsidwa likutiphunzitsa zambiri. Liwu loti mchape limachokera ku mneni kuchapa, ndipo silinali lachilendo. M'zaka za m'ma 1930 gulu la dzina lomweli linafalikira kuchokera ku Nyasaland kufika ku Northern Rhodesia, likumwetsa anthu mankhwala ochotsa ufiti, ndipo Audrey Richards analemba za gululi mu 1935. Podzutsanso dzinali, anthu a mu 1995 anasonyeza kuti ankaona Edzi ngati litsiro logwera mtundu wonse, loyenera kuchapidwa pamodzi.

Madzi a Chisupe sanachize Edzi. Amene anabwera ndi kachilombo anabwerera nako kwawo, ndipo wodziyesa wochira akanatha kupatsira mnzake mosadziwa. Mfundo imeneyi siyenera kubisidwa. Komabe wolemba mbiri angalakwe atanena kuti khamu lonselo linangopusitsidwa. Pamzere uja panaima olemera ndi osauka, ophunzira ndi osaphunzira, odwala ndi owadwazika. Matenda amene ankabisidwa kuchipinda chifukwa cha manyazi anatulukira pabwalo, aliyense akuona mnzake.

Motero funso limene anthuwo anapita nalo ku Machinga linali lalikulu kuposa la mankhwala. Iwo ankafuna kudziwa ngati Chauta anali adakali pakati pa mtundu umene unkaika ana ake m'manda sabata ndi sabata. Sayansi inayankha za kachilombo patapita zaka, koma funso linalo mabanja oferedwa anapitiriza kulifunsa pamaliro ndi m'mapemphero awo.